Kukonzekera ulendo wa pa njinga m'misewu ya fumbi yozungulira Harare

Munthu wokhala mu Harare amene akufuna kupalasa njinga kopanda utsi ndi mahutala a makombi (maminibasi) safunika kupita kutali kwenikweni, chifukwa akangoyenda makilomita 20 kapena 30 kuchokera pakati pa tawuni n'kupatuka mumsewu waukulu, phula limatha ndipo pamayamba timisewu ta fumbi ndi miyala tokhotakhota pakati pa minda, zitunda ndi mipanda ya mitengo yobzala. Posankha njira musayambe ndi kutalika kwake. Yambani mwadzifunsa kuti dothi la kumeneko ndi lotani ndipo ino ndi nyengo yanji, pakuti msewu womwewo umene unali wokoma mu Meyi ukhoza kukuyendetsani pansi mu Januwale.

Kumpoto, mukatsata Borrowdale Road kudutsa Hatcliffe mpaka ku Domboshava ndi midzi ya Chinamhora, dziko ndi la matanthwe ndipo dothi lake ndi lamchenga. Mchenga umenewu umagwirana bwino mvula ikangodutsa, koma pofika Seputembala ndi Okutobala umakhala utauma ndi kutakasika, makamaka m'munsi mwa zitunda momwe madzi anaukokolera, moti tayala lakutsogolo limangomira. Cha ku Arcturus ndi ku chigwa cha Mazowe kuli katondo. Iyeyu akauma amalimba ndipo njinga imathamanga bwino, koma akanyowa amamatirira ku matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndipo mukaumirira kupalasa mungathe kuthyola kachitsulo kosinthira magiya akumbuyo. Choncho m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Marichi, lunjikani ku mchenga, ndipo chilimwe chikafika pachimake lunjikani ku katondo. Kuyambira Epulo mpaka Julayi mbali zonse ziwiri zimayendeka, ndipo woyamba kumene ndingamulangize kuti ayambe m'miyezi imeneyi.

Njinga siifunika kukhala yodula. Chofunika kwambiri ndi matayala, ndipo otambalala mamilimita 38 mpaka 45 ndiwo oyenera misewu yotereyi. Njinga ya m'mapiri nayonso imagwira ntchito bwino, ngakhale imalemera pokwera mtunda. Ambiri amapopa tayala mpaka kuuma gwa poganiza kuti ndiye liwiro, koma pa miyala tayala lotere limangodumphadumpha, kutopetsa mikono ndi kuterereka pokhota. Munthu wa thupi lapakatikati angayambire pa 35 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala), n'kumachepetsa pang'onopang'ono mpaka njinga itasiya kunjanja, koma osafika poti limu igunde mwala. Amene angakwanitse aike matayala opanda chubu okhala ndi mankhwala otseka timabowo. Enafe tinyamule machubu awiri, zigamba, guluu, pampu, masipanala ndi kachida kolumikizira tcheni, ndipo musanatuluke pakhomo yesani mabuleki onse awiri ndi kumanga bwino chipewa choteteza mutu.

Mipanda ya m'mbali mwa msewu ndiyo imakometsa maulendowa, chifukwa imatchinga mphepo ndi kupereka mthunzi, komanso ndiyo imabisa ngozi zambiri. M'midzi mupeza mipanda ya nkhadze ndi khonje, pomwe m'mafamu akale mwatsala mipanda ya mitengo yaminga ndi zitsamba za lantana zimene zinakula mopanda wozidulira mpaka kulowerera mumsewu. Mpanda ukatalika kuposa mutu wanu, simungaone chimene chikubwera kuseri kwa khona: ngolo ya ng'ombe yodzaza nkhuni, ana ochokera kusukulu atadzaza msewu wonse, mbuzi, kapena lole yonyamula matimati kupita ku msika waukulu wa Mbare Musika mu Harare. Chepetsani liwiro musanafike pokhota, khalani kumanzere ngakhale kumanja kukuoneka kosalala, ndipo lizani belu kapena fuulani kuti akumveni. Pa mpata uliwonse wa mpanda yembekezerani kuti patuluka chinachake, kawirikawiri galu.

Nkhadze iyenera kusamalidwa mwapadera. Timphanda take tobiriwira timathyoka mosavuta, ndipo pothyokapo pamatuluka utomoni woyera umene umaotcha khungu, ndipo ukalowa m'maso ululu wake ndi woopsa, mwina munthu n'kulephera kuona kwa kanthawi. Musatsamize njinga pa mpanda wa nkhadze, musadutse mokhudzana nawo, ndipo valani magalasi. Ngati utomoni walowa m'diso, musatikite. Tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala chapafupi. Khonje nalo lili ndi nsonga yolasa mwendo ngati mwayandikira kwambiri popatukira galimoto. Mukaona kuti mpanda waminga wangodulidwa kumene ndipo nthambi zili mbwee m'mphepete, tsikani ndi kunyamula njinga mpaka mutadutsa, chifukwa munga umodzi wosaoneka ukhoza kubowola chubu chachiwiri mutangochotsa choyamba. Pomata, yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala lonse mpaka mutaupeza mungawo.

Kapalasidwe kake kamasiyana ndi ka pa phula. Pa mchenga ikani giya yopepuka musanalowe, bwezerani thupi kumbuyo, gwirani chiwongolero mosaumitsa manja, ndipo musasiye kupalasa. Pamene msewu wachita timizere ngati malata chifukwa cha magalimoto, nyamukani pang'ono pa chishalo kuti mawondo alandire kugwedezekako, n'kufunafuna kanjira kosalala kamene apanjinga a m'deralo anapanga m'mphepete. Potsetsereka gwirani mabuleki onse awiri mofatsa njinga ikadali yowongoka, osati muli pakati pa khona. Kumbukiraninso kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mlendo wochokera kumalo otsika ngati ku Nsanje kapena ku Beira adzamva befu pa zitunda zimene inu mwazizolowera.

Ulendo woyamba usapitirire makilomita 30 kapena 40. Dera la Chishawasha, kum'mawa kwa mzinda, kumene kuli mishoni ya ansembe a chipani cha Jesuit yomwe inakhazikitsidwa mu 1892, lili pafupi ndipo zitunda zake zimaphunzitsa kusintha magiya. Miyendo ikalimba yesani Domboshava, komwe kuli thanthwe lalikulu lokhala ndi zojambula zamakedzana, ndi phiri la Ngomakurira patsogolo pake. Malo awiriwa, Domboshava ndi Ngomakurira, ndi otetezedwa ndipo polowa amalipiritsa, choncho tengani ndalama zing'onozing'ono. Msewu waukulu wopita kumeneko ndi waphula koma wopanikizika, moti ndi bwino kuudutsa mbandakucha kapena kunyamula njinga pa galimoto mpaka popatukira. Wokonda maluwa angalunjike ku munda wa Ewanrigg cha ku Shamva Road, umene umakongola kwambiri m'miyezi yozizira pamene zomera za aloe zachita maluwa.

Mapu a pa foni amathandiza, ndipo ndi nzeru kuwasunga m'foni musananyamuke chifukwa netiweki imasowa m'zigwa. Komabe musawakhulupirire kotheratu. Kuyambira chaka cha 2000 mafamu ambiri anagawidwa, misewu ina inatsekedwa, ina yatsopano inabadwa, ndipo mzere wooneka bwino pa Google Maps ukhoza kukufikitsani pa geti kapena pakati pa munda wa fodya. Geti likakhala lotseka pemphani chilolezo, ndipo mukaloledwa litsekeninso. Pofunsa njira imani, tsikani, perekani moni m'Chishona monga mwa mwambo wa eni dera, kenako funsani za mudzi kapena sukulu yotsatira, osati za makilomita. M'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi yakale mudakali ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito, ndipo si zachilendo kuti agogo amene mwawafunsa akuyankheni m'Chichewa kuti, "Mwachokera kuti, mwanangu? Pitani ndi msewu womwewu mpaka pa mjigo." Mukakumana ndi gule wamkulu panjira, tsikani pa njinga, patukani, ndipo musatulutse foni kuti mujambule popanda kuloledwa.

Nyamulani madzi osachepera malita awiri, ndipo mu Okutobala onjezerani. Mijigo ilipo koma si yonse imatulutsa madzi. Mtedza, nthochi kapena mbatata yophika zikukwanirani. M'dzinja mvula yamabingu imakonda kubwera masana, ndipo mukamva kugunda chokani pamwamba pa thanthwe ndi pansi pa mtengo woima paokha, komanso musayese kuwoloka mlatho wotsika umene madzi akudutsa pamwamba pake. Kuyambira Ogasiti moto wolusa umachuluka m'tchire, ndipo utsi ukatseka msewu bwererani. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira kwambiri m'madambo, ndipo mdima umagwa 6 koloko isanakwane, choncho uzani wina kunyumba njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera.

Mukafika, pukutani tcheni tsiku lomwelo, thirani mafuta pang'ono ndi kupukutanso otsalira, chifukwa mafuta ochuluka amakoka fumbi limene limadya tcheni ndi mano a magiya. Ngati munadutsa m'katondo wonyowa, tsukani asanaume, makamaka pa mabuleki, ndipo zungulizani matayala onse awiri poyang'ana minga imene yalowa koma sinafike pa chubu.