Mmene mungaonere mafilimu akale a makauboyi pamodzi ndi ana anu aamuna

Makolo ambiri kuno ku Kasungu amadandaula kuti anyamata awo amathera madzulo m'nyumba zoonetsera mavidiyo pa Santhe, pa Chamama kapena pa boma, kumene amaonera chilichonse chimene mwini malo waika. Kuletsa kokha sikupindula, chifukwa mwana wofuna kanema sasowa njira. Chimene chimapindula ndi kubweretsa kanemayo pakhomo, ndipo bambo, amalume kapena agogo akhale pambali pa mwanayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mafilimu akale a makauboyi, oweta ng'ombe okwera pa akavalo aku America, ndi oyenera pa ntchito imeneyi, pakuti kuyambira 1934 mpaka 1968 makampani akuluakulu a ku Hollywood ankatsata malamulo okhwima oletsa zamaliseche, kutukwana ndi kutamanda upandu. Nkhani zake ndi za minda, ng'ombe, malire ndi mapangano, zinthu zimene mwana wa mlimi amazidziwa kale.

Musanaitane ana, onerani filimuyo nokha mpaka kumapeto, ngakhale pafoni, kuti mudziwe malo oimitsa ndi malo ofunika kufotokoza. Pokaikitsa mafilimu pa fulashi kapena pa memori khadi, pemphani amene sanamasuliridwe m'Chichewa, chifukwa omasulira ambiri amawonjezera nthabwala zawo, zina zosayenera pamaso pa ana, ndipo amaphimba mawu enieni a nkhani. Womasulira mukhale inuyo. Ngati filimuyo ili ndi mawu achingerezi olembedwa pansi pa chithunzi, mnyamata wa Sitandade 8 kapena wa Fomu 1 aziwerenga mokweza, inu muziwongola pamene waphonya. Nyengo yabwino ndi yozizira, chimanga chitalowa m'nkhokwe, osati masiku osankha ndi kudinda fodya pamene aliyense amagona atatopa. Amene mumadalira sola, gawani filimu ya maola awiri pa madzulo awiri, kuti batire isathere pakati pa nkhani.

Yambani ndi Shane, filimu ya 1953 imene Alan Ladd amasewera ngati Shane, mlendo wodziwa mfuti wofika pakhomo pa mlimi wotchedwa Joe Starrett ku Wyoming. Nkhani yonse timaionera m'maso mwa kamnyamata ka mlimiyo, Joey, choncho mwana wanu sadzavutika kudziika m'malo mwake. Chakumayambiriro pali malo amene muyenera kuimitsa. Mlendoyo atadya chakudya cha pakhomopo, amatuluka osauzidwa ndi munthu, n'kutenga nkhwangwa, n'kuyamba kulimbana ndi chitsa chachikulu chimene chakhala chikumukanika mwini munda. Starrett naye amatenga nkhwangwa yake, ndipo awiriwo amadula mizu ndi kukankha ndi mapewa, thukuta lili kamukamu, kufikira chitsa chitazuka. Mnyamata amene anaonapo abambo ake akuzula zitsa pothyola mphanje sadzafuna kumasuliridwa kalikonse pamenepo. Mufunseni chabe chifukwa chimene mlendoyo wagwirira ntchito yomwe sanatumidwe, ndipo mudikire yankho lake ngakhale lichedwe.

Imitsaninso pamene mlimi wina wodzitama, Torrey, waputidwa ndi wakupha wolembedwa ganyu ndi mwini ng'ombe wofuna kuthamangitsa alimi m'chigwamo, n'kulola mkwiyo kumutsogolera mpaka kufera m'matope. Ana ambiri amadutsa malo amenewa mofulumira chifukwa maso awo ali pa Shane, koma phunziro la kuugwira mtima lili pomwepo. Kumapeto Shane amapambana, komabe sakhala m'chigwamo. Amachoka ali wovulala, atamuuza Joey kuti munthu amene wapha sangakhalenso monga kale, ndi kuti abwerere kukasamala makolo ake. Onetsetsani kuti mwana wanu wamva mbali imeneyi, chifukwa akaiphonya adzangokumbukira liwiro la mfuti.

Filimu ina yofunika ndi The Magnificent Seven ya 1960, yonena za alimi a m'mudzi wina ku Mexico amene amalemba amuna asanu ndi awiri kuti awateteze kwa achifwamba olanda zokolola zawo chaka ndi chaka. Muli kuwomberana kochuluka, kotero ana aang'ono kwambiri isawafike. Chimene ndimaikondera ndi malo amodzi. Anyamata atatu a m'mudzimo amatengeka ndi mmodzi wa ankhondowo, yemwe amaseweredwa ndi Charles Bronson, mpaka kunena kuti abambo awo ndi amantha. Iye amakwiya, n'kuwadzudzula kuti kunyamula mfuti si kulimba mtima, ndipo olimba mtima enieni ndi abambo awo amene amasenza udindo wa banja tsiku ndi tsiku, kulima osadziwa ngati adzakolola. Ngati woonetsa filimuyo ndinu malume, amenewa ndi malo anu olankhulira zabwino za bambo wa mwanayo, zimene mwini wake sangazinene yekha.

Anyamata osinkhuka, a zaka 13 kupita m'tsogolo, aonetseni High Noon ya 1952. Ndi yaifupi, ya mphindi 85, ndipo zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, choncho achenjezeni asanayambe kung'ung'udza. Gary Cooper amasewera ngati Will Kane, woyang'anira chitetezo cha m'tauni, amene pa tsiku la ukwati wake amamva kuti chigawenga chimene anachimangitsa chikubwera pa sitima yapamtunda ya 12 koloko masana. Amayenda khomo ndi khomo, mpaka kulowa m'tchalitchi, kupempha womuthandiza, koma aliyense ali ndi chifukwa chake chokanira. Kane ali ndi mantha, ndipo filimuyo sibisa zimenezo, popeza amafika polemba wilo yake. Funso loyenera kufunsa pano si la Kane ayi, koma la anthu a m'tauni aja: kodi mwana wanuyo akanakhala pa benchi ya m'tchalitchi muja akananena chiyani? Mukumbutseninso kuti Kane ndi munthu wa lamulo, pakuti mnyamata wokulira kumene gulu la anthu limatha kumenya woganiziridwa kuba asanafike kupolisi ayenera kusiyanitsa kuteteza mudzi ndi kutengera lamulo m'manja.

Mafilimuwa ali ndi mabodza awo, ndipo kholo loona mtima liyenera kuwatchula. Malo amene alimi a mu Shane akukanganirana ndi mwini ng'ombe anali ndi eni ake, mitundu monga Cheyenne ndi Sioux. Lamulo la boma la America la 1862 linkapatsa obwera maekala 160 aliyense, pamene eni nthakawo ankathamangitsidwa, koma mafilimu ambiri a nthawi imeneyo amawaonetsa ngati adani opanda chifukwa. Ana okulira pafupi ndi maesiteti a fodya amamvetsa msanga nkhani ya malo mukaifotokoza mosabisa. Auzeninso kuti pakati pa oweta ng'ombe enieniwo panali anthu ambiri akuda ndi aku Mexico, ngakhale kuti kanema sawaonetsa kawirikawiri. Mowa ndi ndudu zili ponseponse m'mafilimuwa, ndipo ndi bwino kuwalozera ana kuti mikangano yambiri imayambira m'bala.

Mafilimu a makauboyi opangidwa ndi Ataliyana, monga The Good, the Bad and the Ugly ya 1966 ya Clint Eastwood, asungeni kaye. Ndi okoma kwa akuluakulu, koma anthu ake amathamangira golide, ndipo kunyengana ndiko kumayendetsa nkhani. Amayi ndi alongo awo a anyamatawo asakhale kukhitchini nthawi ya kanema, chifukwa mu Shane ndi mayi wa Joey amene amatsutsa zophunzitsa mwana mfuti, ndipo maganizo a mayi wa pakhomo panu pa nkhaniyo ayenera kumveka. Mawa lake yang'anani masewera a anawo kuseri kwa nyumba. Mukaona kuti angosema mfuti za mapesi n'kumawomberana, bwererani nawo pa malo a chitsa aja musanawaonetse filimu ina.