Musanalumikize disiki imodzi ku maseva awiri a database

Kwa anzanga amene mumasamalira maseva m'maofesi a muno mu Blantyre, pali cholakwika chimodzi chimene chimawononga deta mwakachetechete. Ngati muli ndi makina a virtual (makompyuta oyerekezera oyenda m'kati mwa kompyuta ina) awiri pa makompyuta osiyana, ndipo mukufuna kuti onse agwiritse ntchito disiki imodzi kudzera pa iSCSI kapena Fibre Channel (zolumikizira maseva ku bokosi losungira deta), musaikepo ext4 kapena XFS (njira zosanjira mafayilo pa disiki) n'kuitsegula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ext4 ndi XFS zinapangidwira seva imodzi yokha, choncho seva iliyonse imasunga zosintha zake m'memori osadziwitsa inzake, ndipo pamapeto pake zimalemberana pamwamba. Pa ntchito yotere pamafunika GFS2 kapena OCFS2, zimene zinapangidwira maseva angapo pa disiki imodzi, kapenanso ASM (chida cha Oracle chosamalira madisiki) ngati mukugwiritsa ntchito Oracle RAC, database ya Oracle yoyenda pa maseva angapo. Pa mapulogalamu oyendetsera makina a virtual, pa KVM disikiyo ikhale shareable ndipo cache ikhale none, pomwe pa VMware mutsegule multi-writer.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi fencing, kutanthauza kuletsa seva imene yasiya kuyankha kuti isalembenso pa disiki. Kuno magetsi amathimathima, ndipo switch yolumikiza maseva ikazima pamene maseva akadali pa UPS, seva iliyonse imaganiza kuti inzake yafa n'kuyamba kulemba payokha. N'chifukwa chake Pacemaker, pulogalamu yoyang'anira maseva ogwirira ntchito limodzi, iyenera kukhala ndi STONITH (njira yozimitsira seva yavuto mokakamiza) imene mwaiyesadi, komanso pakhale voti yachitatu posankha seva imene ipitirize ntchito, ngakhale pa kakompyuta kakang'ono, kuti mavoti asagawanike pakati. Switch nayonso muiike pa UPS.

Kunena zoona, pa ma database a PostgreSQL kapena MySQL ine ndimakonda replication (kukopera deta ya seva imodzi ku inzake), seva iliyonse ndi disiki yake, chifukwa bokosi limodzi losungira deta likawonongeka maseva onse amaima pamodzi.