Njira yokhalira loya wa ma patent

Mwafunsa muli ku Kasungu, mutangolemba MSCE: munthu amakhala bwanji loya wa ma patent, woteteza zinthu zomwe makampani atulukira kuti ena asakopere?

Yambani ndi digiri ya malamulo, monga ya ku University of Malawi ku Zomba. Kenako maphunziro a ku MILE (Malawi Institute of Legal Education, sukulu yokonzekeretsa maloya ntchito), mukalumbire ku khothi lalikulu, mutenge laisensi ku Malawi Law Society.

Koma sayansi musaitaye, achimwene, mpamene pagona ntchito. Kampani ikapanga makina atsopano oswera mtedza, ndinu mudzalembe mwatsatanetsatane chomwe chili chatsopano pa makinawo. Mukalemba mosasamala, okopera apeza polowera. Kampaniyo ikafuna chitetezo m'mayiko angapo a mu Africa, mapepala mumatumiza ku ARIPO, bungwe lolembetsa ma patent m'mayiko angapo a mu Africa, ku Harare.

Digiri yachiwiri ya nkhanizi iliko ku Africa University, ku Mutare m'dziko la Zimbabwe, koma ine ndingati yambani mwagwirako ntchito kaye.