Agogo Akayamba Kuiwala Njira ya Kunyumba: Malangizo kwa Mabanja a mu Lusaka

M'makomboni athu monga Chawama, Kanyama ndi Matero timamva kawirikawiri kuti agogo ena apezeka m'mamawa ataima pakhomo la eni, atangomanga chitenje chimodzi, osadziwa kumene achokera. Anthu amasonkhana, wina amafuula kuti mfiti yagwa pa ndege usiku, ndipo agogowo, pofunsidwa mwaukali, amavomera chilichonse chifukwa cha mantha. Monga mlangizi wa zaumoyo, nkhani imeneyi imandipweteka mtima, pakuti nthawi zambiri munthu wotereyu amakhala akudwala matenda a ubongo amene madokotala amawatcha dementia, ndipo anangotuluka usiku kukataya madzi n'kulephera kupeza khomo lake.

Matendawa amawononga ubongo pang'onopang'ono, mwakuti munthu amataya luso lokumbukira, loganiza ndi lodzisamalira. Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza m'chaka cha 1906, ndipo umakhudza odwala pakati pa 60 ndi 70 mwa 100 alionse. Mtundu wina, umene tiyenera kuusamala kwambiri kuno, umabwera pamene mitsempha ya magazi ya mu ubongo yawonongeka ndi BP, shuga kapena sitiroko, choncho kumwa mankhwala a BP mosadumphitsa ndi njira imodzi yotetezera nzeru zathu.

Kuiwalako kokha si matenda. Aliyense wokalamba amatha kuiwala pamene waika makiyi n'kukumbukira pambuyo pake. Chodetsa nkhawa ndi pamene amayi amene aphika nsima zaka makumi asanu ayamba kuthira ufa m'madzi ozizira n'kuima osadziwa chotsatira, pamene afunsa kasanu m'mawa umodzi ngati ana apita kusukulu, pamene akanika kuwerenga chenji pa kantemba, kapena abisa ndalama m'thumba la malasha n'kumanena kuti mdzukulu waba. Mabanja ambiri adana chifukwa cha milandu ya kuba yotereyi, osadziwa kuti wodwalayo sakunama mwadala, koma akudzaza mpata umene kuiwala kwasiya m'mutu mwake.

Mukaona zizindikirozi, choyamba pitani nawo kuchipatala, ndipo wowaperekeza akhale munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, chifukwa wodwala yekha adzauza dokotala kuti ali bwino. Tengani mankhwala onse amene akumwa, ndi azitsamba omwe, ndipo fotokozani mwezi umene kusinthaku kunayamba. Chifukwa chofulumirira n'chakuti pali matenda ena ochizika amene amafanana ndi dementia: kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kuvutika maganizo, chindoko chokhalitsa, HIV yosalandira mankhwala, ndiponso mowa. Kusamva bwino nakonso kumachititsa munthu kuoneka wosokonezeka. Koma ngati agogo anali bwino dzulo ndipo lero akubwebweta, musayembekeze sabata. Zimenezi zingakhale malungo, matenda a m'njira ya mkodzo, kutsika kwa shuga kapena sitiroko, ndipo afunika kuonedwa tsiku lomwelo.

Yambani pa kiliniki ya kwanu kapena pa chipatala cha Level One monga cha Chilenje, Chipata kapena Matero, kumene angakupatseni kalata yopita ku UTH, ku Levy Mwanawasa kapena ku Chainama Hills. Ndikudziwa kuti dzina la Chainama limaopsa ambiri, popeza amaganiza kuti ndi kwa amisala, koma kumeneko kuli akatswiri a matenda a maganizo ndi ubongo, ndipo kukapimidwa sikutanthauza kusiyidwa komweko. Mankhwala ochiritsiratu dementia kulibe, koma alipo ochepetsa zizindikiro kwa kanthawi, ndipo aliyense wokulonjezani machiritso n'kukulipiritsani ndalama zambiri akukudyerani masuku pamutu.

Ntchito yaikulu ili kunyumba. Musakangane ndi wodwala. Ambuya akati akufuna kupita kumunda kwawo ku Katete kukalima, kapena akafunsa za amuna awo amene anamwalira kalekale, musawauze mwaukali kuti asokonezeka, chifukwa adzalira maliro atsopano tsiku lililonse. Afunseni za munda umenewo, kenaka apatseni nyemba zoti asankhe kapena ndiwo zoti asadzule, pakuti manja amakumbukira zimene mutu waiwala, monganso nyimbo za kutchalitchi zimene ambiri amaimba mpaka kumapeto. Chakudya, kusamba ndi kugona zizikhala pa nthawi yofanana, usiku muziwasiyira nyali ndi chidebe pafupi, ndipo asasiyidwe okha ndi mbaula yamoto kapena mankhwala.

Sokererani pa chovala chawo kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala ya foni yanu, ndipo mufoni mwanu musunge chithunzi chawo chatsopano. Musabise matendawa. Uzani anansi, mwini kantemba, akulu a mpingo ndi anyamata a pa sitesheni ya minibasi, kuti akawaona akuyenda okha awabweze mwaulemu. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo nkhanza kwa nkhalamba mungakazinene ku Victim Support Unit ya apolisi. Banja losowa lifunse ku ofesi ya Social Welfare za thandizo la Social Cash Transfer.

Wosamalira wodwala, amene nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi kapena mpongozi, amatopa mpaka kudwala iye mwini. Khalani pansi pabanja matenda asanakule, agogo akadali okhoza kunena zofuna zawo za nyumba ndi penshoni, ndipo mugwirizane kuti ndani azigona nawo masiku ati, ndani aziwaperekeza kuchipatala, ndiponso kuti achibale okhala kutali azitumiza zingati mwezi ukatha.