Kusankha mbawala yamphongo yoti muombere ku America

Mwafunsa mmene alenje a mbawala za whitetail (mtundu wa mbawala zamchira woyera kunsi) amadziwira yamphongo yoti aphe ndi yoti aileke. Amachita motere.

1. Yambani ndi lamulo la dera limene mukusakako. M'chigawo cha Pennsylvania, kuyambira 2002, m'madera ambiri nyanga ya mbali imodzi iyenera kukhala ndi nthambi zosachepera 3. M'maboma ambiri a m'chigawo cha Texas mpata wapakati pa nyanga uyenera kukwana mainchesi 13, pokhapokha ngati nyanga imodzi ilibe nthambi. Poti simungapite ndi tepi kukayeza, onani ngati nyanga zafika pansonga za makutu nyamayo itatchera khutu.

2. Onani zaka poyang'ana thupi. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa maso amathamangira kunyanga. Ya chaka chimodzi ndi theka imaoneka ya miyendo italiitali, khosi lowonda, mimba yophwa. Ikafika zaka 3 ndi theka chifuwa chimakula kuposa matako. Pa zaka 4 ndi theka khosi limalowerera m'chifuwa osaoneka polekezera, miyendo n'kumaoneka yaifupi. Yokalamba mimba imalendewera, msana n'kupindika. Chenjerani mu Novembala: nthawi yokwerana khosi limatupa, ndiye yaing'ono imaoneka ngati nkhalakale.

3. Fananizani ndi zithunzi za makamera omangirira pamitengo, ngati muli nawo.

4. Mukakayika, ilekeni. Nyanga zimathothoka chaka chilichonse n'kumera zina, kawirikawiri zazikulupo mpaka nyamayo itakhwima, choncho yaing'ono ya lero idzakhala yabwino mtsogolo. Wongofuna ndiwo aphe yaikazi ngati chilolezo chake chikulola.

5. Mukapha, sungani chibwano cham'munsi. Kuperepeseka kwa mano kumasonyeza ngati munaganiza bwino za zaka zake.