Momwe mungasankhire sisitimu ya kompyuta yosewerera magemu pakhomo

Kwathu ku M'baluku kompyuta yamphamvu ilipo imodzi yokha, koma ofuna kusewera ndi khamu. Ndiye ndinaiyika pakona kuchipinda: gemu imathamanga mmenemo, chithunzi chokha n'kumapita pa TV ya pabalaza kapena pa foni kudzera pa rauta. Chithunzicho chimangozungulira m'nyumba momwemo, sichidya bandulo.

Yambani ndi kulemba magemu amene mumasewera, chifukwa ndi iwowo amene akusankhireni sisitimu, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta monga Windows kapena Linux. Ngati anyamata pakhomo amalimbirana mpira wa EA Sports FC, Fortnite kapena Valorant, musavutike, ikani Windows. Magemu amenewa ali ndi pulogalamu yogwira obera imene sigwira ntchito pa Linux. Koma ngati mumasewera magemu a pa Steam (sitolo ya magemu ya pa intaneti) osalimbana ndi anthu ena pa intaneti, Linux ikukwanirani ndipo ndi yaulere. Pulogalamu ya Proton ya kampani ya Valve imayendetsa magemu ambiri a Windows pa Linux, ndipo Bazzite, mtundu wina wa Linux, imabwera Steam ili kale mkati. Dzina la gemu lililonse lifufuzeni kaye pa ProtonDB, webusaiti yosonyeza ngati gemu imayenda pa Linux.

Kenako onani makina anuwo. Windows 10 anasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale a kaunjika alibe. Apa ndi pamene amatulukira anyamata ena a pa boma ndi fulashi yawo ya "Windows yopepuka". Chonde, musalole. Simudziwa chimene anachotsamo, ndipo choopsa n'chimene anawonjezeramo. Koperani sisitimu yanu kwa eni ake ndi bandulo ya usiku, muiike pa fulashi ya 8GB ndi pulogalamu ya Rufus.

Sisitimu ikalowa, ikani pulogalamu yotumiza chithunzi ya Sunshine pa kompyutayo ndi yolandira chithunzicho ya Moonlight pa foni kapena pa TV. Zonse ndi zaulere, ndipo Sunshine imayenda pa Windows ndi pa Linux pomwe. Moonlight ikupatsani manambala anayi, muwalembe mu Sunshine, zalumikizana.

Ine pamene ndinagwa ndi apa. Zonse zitayenda bwino pa Windows, ndinazula monita n'kupatsa mlamu wanga, poti ndimati ya chiyaninso. Madzulo kutsegula Moonlight, mawu a gemu akumveka koma chithunzi bii! Ndinaganiza kuti sisitimu yalakwika, n'kufufuta zonse kuika Bazzite. Mdima womwewo. Kubwereranso ku Windows, kukoperanso madalaivala, kukoperanso magemu amene ndinafufuta ndi manja anga. Masiku atatu, mabandulo awiri, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Kani vuto silinali sisitimu ayi. Graphics card, chipangizo chopanga zithunzi mu kompyuta, ikaona kuti palibe sikirini yolumikizidwa, Sunshine imasowa choti ijambule. Mankhwala ake ndi kachipangizo kochepa ngati chala kotchedwa HDMI dummy plug, kamene kamanamiza kompyuta kuti monita ilipo. Kuno sindinakapeze, anachita kundigulira munthu ku Limbe, ndipo mtengo wake sunafike n'komwe pa ndalama zimene ndinawotchera mabandulo aja. Wogulitsa wina pa Facebook ankafuna ndalama kaye katundu asanaoneke, ndinamusiya. Inu musanazule monita, kapezeni kaye kameneka, kapena ingosiyani monita yakale ili yolumikiza.

Zotsalazi n'zachidule. Kompyutayo ilumikizeni ku rauta ndi waya, foni ikhale pa Wi-Fi ya 5GHz osati 2.4GHz. Mu BIOS (masetingi amene mumalowamo kompyuta ikungoyaka kumene) tsegulani Restore on AC Power Loss kuti magetsi akabwera iziyaka yokha, ndipo muichune kuti izilowa yosafunsa pasiwedi. Pa Windows chongani metered connection kuti ma update asamalize bandulo muli m'tulo. Mu Moonlight yambani ndi chithunzi cha 720p, muzikweza pang'onopang'ono. Ndipo kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, musaitsekere mu kabati, fumbi muzilipukuta ku mafani.