Momwe mungaonere gawo lomaliza la Game of Thrones musanauzidwe mathero

Gawo lomaliza la Game of Thrones linaonetsedwa koyamba pa 19 Meyi 2019 pa kanema wa HBO ku America. Kuno kwathu linali kale Lolemba, 3 koloko m'bandakucha, ndipo ena anasiya tulo n'kukhala pa M-Net kuti anzawo a kuntchito asawayambirire kuwafotokozera. Papita zaka, komabe alipo ambiri amene seweroli angolipeza kumene. Ngati mwaona magawo 72 ndipo mwatsala ndi limodzi lokha, malangizowa ndi anu. Sindiulula amene watsala ndi moyo kapena za mpando wachifumu uja.

Yambani ndi kutseka mipata

Chinthu choyamba, musalembe dzina la Daenerys, Jon Snow kapena Tyrion pa Google. Simufunika n'kutsegula tsamba lililonse kuti muonongekedwe: mawu amene Google imakupatsani m'munsi mukamalemba dzinalo ndi okwanira kukuuzani zimene zinamuchitikira munthuyo. YouTube ndiye yoipa kwambiri, chifukwa zithunzi ndi mitu ya mavidiyo zimanena zonse musanadine n'komwe. Pa X (yomwe kale inali Twitter) pali malo otsekera mawu amene simukufuna kuwaona, ndiye ikanimo maina a anthu a m'seweroli mpaka mutamaliza.

Kenako pali anzanu. Munthu akakufunsani kuti "wafika pati?", dziwani kuti pakamwa pakumuyabwa. Muuzeni mosabisa kuti simunamalize ndipo nkhaniyo ithere pomwepo.

Bwererani m'mbuyo pang'ono

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, amangothamangira kumapeto. Gawo lomalizali limabweza zinthu zimene zinaonekera kalekale, ndipo mukaziiwala mudzangoona ngati olembawo anazitola pamsewu.

Onaninso gawo lomaliza la sizoni yachiwiri, makamaka pamene Daenerys alowa m'nyumba ya amatsenga mumzinda wa Qarth. Kumeneko amaona masomphenya: chipinda cha mpando wachifumu denga lake litagumuka, zinthu zoyera zikugwera m'kati. Yang'anitsitsani zimene akuchita ndi dzanja lake akayandikira mpandowo. Ndi mphindi zochepa chabe, koma mudzazikumbukira. Onaninso mphindi zoyambirira za gawo loyamba lenileni la 2011, pamene asilikali atatu akutuluka pa chipata cha khoma lalikulu kulowa m'nkhalango ya kumpoto. Ngati nkhani ya makolo a Jon Snow yakusokonezani, gawo lomaliza la sizoni yachisanu ndi chiwiri limaifotokoza momveka.

Koma lofunika kuposa onsewa ndi gawo lachisanu la sizoni yomaliza. Lionereni tsiku lomwelo, kenako mupitirize. Lomalizalo limayambira pamene linzakelo lathera, fumbi la King's Landing lisanakhazikike, ndipo mukasiya sabata pakati mtima umakhala utazizira kale.

Konzani malo ndi zipangizo

Gawoli ndi lalitali pafupifupi mphindi 80. Ngati mukuonera pa intaneti, likopereni pa foni kapena pa laputopu lisanayambe, bandulo isakuthereni pakati pa zokambirana zofunika. Tchajani zonse masana. Palibe chowawa ngati magetsi kuzima chinjoka chitangotambasula mapiko.

Onerani usiku, nyale zitazimitsidwa. Sizoni imeneyi inajambulidwa mwamdima kwambiri, moti gawo lachitatu, lankhondo ya usiku ku Winterfell, anthu padziko lonse anadandaula kuti sankaona chilichonse. Lomalizali silinafike pamenepo, koma mbali yoyamba ndi yotuwa ndi phulusa. Makope ochepetsedwa omwe amayenda m'mafoni amasandutsa zonsezo chifunga chokhachokha, choncho funani kope looneka bwino kuchokera kumene amalionetsa movomerezeka.

Yatsani mawu olembedwa m'munsi, ngakhale Chingelezi mumachimva bwino. Muli zolankhula zazitali m'zinenero za Dothraki ndi Valyrian, zomwe katswiri wa zinenero David J. Peterson anachita kuzipanga chifukwa cha seweroli. Popanda mawu a m'munsiwo mudzangoona asilikali akumenyetsa mikondo pansi osadziwa chimene awalonjeza, pomwe lonjezo limenelo ndi limene likuyendetsa zonse zotsatira.

Ana agone kaye. Si sewero lawo.

Dziwani chimene mukukalowamo

Ndinene maganizo anga: sizoni yomalizayi inathamanga. Masizoni asanu ndi limodzi oyambirira anali ndi magawo 10 iliyonse, yachisanu ndi chiwiri inali ndi 7, yomaliza 6 basi. Ulendo umene kale unkatenga magawo atatu, anthu akukambirana m'njira, tsopano unkatha m'kuphethira kwa diso. Chifukwa china n'chakuti David Benioff ndi D. B. Weiss, amene ankatsogolera seweroli, anali atawapitirira mabuku a George R. R. Martin, omwe nkhani ya seweroli inachokeramo. Buku lachisanu linatuluka mu 2011, chaka chomwe seweroli linayamba, ndipo pofika 2019 lachisanu ndi chimodzi linali lisanatuluke. Anthu oposa miliyoni imodzi anasaina chikalata pa intaneti chopempha kuti sizoniyi ijambulidwenso. HBO sinatero.

Sindikunena izi kuti ndikugwetseni ulesi. Kungoti mukalowa mukuyembekezera nkhondo ina yaikulu, mudzatuluka mutakwiya. Nkhondo zinatha m'magawo a m'mbuyo. Lino ndi la anthu okambirana, kuweruzana ndi kutsanzikana, ndipo theka loyamba ndi lamphamvu kuposa lachiwiri. Tcherani khutu pa zokambirana za Tyrion ndi Jon, ndi pa nyimbo za Ramin Djawadi kumapeto, zomwe ngakhale odana ndi matherowo sanazinyoze.

Foni ikhale kutali. Mukafuna kuseka, dikirani ulendo wachiwiri: pa msonkhano wa akuluakulu a mafuko pankaoneka mabotolo a madzi apulasitiki pafupi ndi mapazi a ena mwa ochita sewero, monga momwe kapu ya khofi inaonekera patebulo m'gawo lachinayi. Makope ena anazifufuta, ndiye musataye nthawi yambiri mukuzisaka.

Likatha

Musathamangire kuwerenga zimene ena analemba. Khalani kaye, mudzifunse nokha ngati aliyense wafika pomwe khalidwe lake linkamulozera kuyambira pachiyambi. Mukatero ndiye muimbireni mnzanu uja amene pakamwa pankamuyabwa, mukangane bwinobwino.

Ngati mukufuna kuona momwe ntchitoyi inagwiridwira, pali filimu yotchedwa The Last Watch, yomwe HBO inatulutsa patatha sabata imodzi. Imaonetsa anthu a kuseri kwa kamera ku Belfast, ku Northern Ireland, komanso nkhope za ochita sewero pamene ankawerenga limodzi mathero a nkhaniyi. Musaione musanamalize gawoli. Pambuyo pake mukhoza kuyamba House of the Dragon, yomwe inayamba mu 2022 ndipo ikukamba za banja la Targaryen pafupifupi zaka 200 nkhani ya Daenerys isanachitike.